Mutu Wachisanu: Muzu Wophika Suchita Thovu

1. Mchere m'chitsime

Kunyumba ankamutchula kuti Mafunso, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi. Mtsikanayu ankatha kukufunsa chifukwa chimene anyezi amalizira munthu, iwe usanamalize kuyankha iye wafunsa kale china. Ankaphunzira kusekondale, wamtali ngati bambo ake, wapakamwa ngati mayi ake.

Bambo akewo anali ofesa mbande. Kuseri kwa nyumba anali ndi nazale ya mabedi ataliatali, ndipo alimi ankabwera kudzagula mbande za tomato zokaoka m'minda yawo. Mayi ake ankakonza tsitsi m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba yomweyo. Anali mayi waukhondo woopsa. M'mawa uliwonse zipeso, malumo ndi timbale ta mankhwala zinkayamba zasamba madzi owira a m'ketulo zisanakhudze mutu wa munthu.

Chaka chimenecho mvula inavuta. Chitsime cha panazale chinatsika, madzi ake n'kuyamba kumveka mchere. M'mphepete mwa mabedi munkatsala zoyera ngati wina wawazapo ufa. Mbande zinkamera bwinobwino, kenako masamba n'kupserera m'mbali, n'kugwa khosi. Madzi a pampopi ankabwera mwa apo ndi apo, okwana kumwa ndi kutsukira tsitsi basi.

Bambo aakulu, akulu awo a bambo, anali ndi malole kumzinda wakutali. Anaimba foni kuti mng'ono wawo asiye kusewera ndi dothi, apite akakhale mlonda wa nyumba yawo yosungiramo katundu. Anati posachedwa adzadutsa ndi lole, ndipo akadzapanda kukwera, ntchitoyo adzapatsa wina.

Bambo anauza banja lawo kuti akanadziwa mbewu yopirira madzi amenewa, akanafesanso kamodzi. Popanda chimenecho, akwera lole. Mafunso mtima unamupweteka kwambiri. Sankafuna bambo wa pafoni, wobwera kamodzi pachaka atanyamula maswiti ngati mlendo.

Mbewu za tomato zinalipo ziwiri. Ina inali yogula, yam'paketi. Ina inali yam'chitini, imene bambo ankasankha okha chaka ndi chaka, n'kuiyanika panyuzipepala. Imeneyo ankainyadira ngati mwana woyamba kubadwa, moti Mafunso nthawi zina ankachita nayo nsanje. Atawafunsa kuti bwanji osafesa zonse ziwiri, theka theka, iwo anati theka la nazale likafa, theka lotsalalo silingadyetse banja. Panafunika kusankha imodzi, ndipo osaphonya.

2. Mayi Yesaninso

Aphunzitsi a sayansi ana ankawatchula kuti Mayi Yesaninso, chifukwa ngakhale ukhoze bwanji, iwo ankangogwedeza mutu n'kunena mawu omwewo. Mafunso anawatengera nkhani ya chitsime ija nthawi yopuma. Iwo anasiya tiyi wawo n'kukoka mpando.

Anamufotokozera kuti mchere ukachuluka m'nthaka, muzu umavutika kumwa ngakhale madzi ali pompo. Ndiye m'kati mwa muzuwo mumayamba kuchuluka zinthu zowotcha, ndipo chimodzi mwa izo ndi pelokisaidi, mankhwala omwe aja mayi ake amasinthira mtundu wa tsitsi la makasitomala. Mafunso anatong'ola maso. Mankhwala a m'saluni m'kati mwa muzu wanthete?

"Koma muzu suli wokha," anatero aphunzitsi. "Uli ndi antchito ake otchedwa maenzaimu. Enzaimu ndi kanthu ka m'thupi la chamoyo kamene kamafulumizitsa ntchito, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yakeyake. Ina dzina lake ndi katalesi. Imeneyo imagwira pelokisaidi n'kumuphwanya kuti asanduke madzi ndi mpweya. Mchere ukabwera, muzu wolimba kawirikawiri umachulutsa antchito amenewa kuti usapse. Ukasinja muzu n'kuthirapo pelokisaidi, mpweya uja umatuluka ngati thovu. Thovu likachuluka, ndiye kuti antchitowo ndi ambiri."

Anagwirizana kuti Mafunso afese mbewu ziwirizo m'mathileyi awiri, mbale zofeseramo mbande, azithirira madzi a pachitsime chomwecho, kenako adzayese mizu yake pa tsiku la chionetsero cha sayansi. Gulu lopambana pa tsikulo linali loti likaimire sukulu kumpikisano waukulu. Anamupatsa mnzake wogwira naye ntchito, mnyamata wina amene ankamutchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira.

Asanawatulutse, aphunzitsi anawaimitsa pakhomo.

"Mundimvere nonse awiri, ndipo iwe Wailesi tseka kaye pakamwa. Enzaimu imaopa moto. Ikaphikidwa yafa, siidzukanso ngakhale muipempherere. Mizu muzitsuka ndi madzi ozizira. Muzu wamoyo uliwonse umachita thovu, kaya lochepa kaya lambiri. Ndiye mukadzaona chubu, kabotolo kagalasi koyeseramo, chili zii popanda thovu, musayambe kuvina, funsani kuti chachitika n'chiyani. Komanso thovu ndi mboni imodzi chabe. Onani masamba, onani kutalika kwa mizu. Mlandu woweruzidwa ndi mboni imodzi umamangitsa wosalakwa. Ine pa ntchito ino ndaona ana ambiri akukonda yankho asanaliyese n'komwe. Yankho likabwera lokoma ngati mmene mumafunira, pamenepo m'pofunika kuliyang'ana kawiri. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Wailesi anati amva. Kunja atatuluka anayamba kale kufotokoza mmene adzaimire pachithunzi atanyamula chikho.

3. M'mawa wa chionetsero

Mbande zinakula m'mathileyi aja. Mafunso ankaona kuti zam'chitini zinkapserera masamba kuposa zam'paketi, koma bambo anati ndi khalidwe lake, mbewu yawo imayamba monyozeka n'kudzamaliza mwaulemu. Iye sanatsutse. Kunena zoona, ankafunitsitsa kuti mbewu ya bambo ake ipambane.

Tsiku la chionetsero anazula mbande zingapo m'thileyi iliyonse, n'kudula mizu. Yam'chitini anaika m'kapu yobiriwira, yam'paketi m'kapu yoyera. Yam'chitini ija anaitsuka yekha ndi madzi ozizira. Asanayambe inayo, Wailesi anafika pageti n'kuyamba kukuwa kuti achedwa, matebulo abwino atha. Yunifolomu inali isanasitidwe, tsitsi lili nyankhalala, mwana wa mayi wa saluni!

Anathamangira kwa mayi ake, amene ankatsuka zipeso, n'kuwapempha kuti amutsukireko mizu ya m'kapu yoyera. Sananene china chilichonse. Mayi anati asadandaule, aisamala.

Pamene ankatuluka atavala, anapeza makapu onse awiri ali patebulo, ovundikiridwa bwino. Anangonyamula, liwiro mpaka kusukulu. Bambo ndi mayi anati abwera pambuyo, ndipo bambo anali atatulutsa kale jekete lawo la ku maukwati.

4. Chubu chimodzi chili zii

Holo ya sukulu inadzaza. Uku gulu lina likusefa madzi amatope ndi mchenga ndi makala, uko ena akuyatsa babu ndi mandimu. Makolo ankayenda tebulo ndi tebulo akugwedeza mitu, ena osamva kanthu koma akuvomera ndithu.

Aphunzitsi aakulu atatsala pang'ono kufika patebulo la Mafunso pamodzi ndi alendo oweruza, kumapeto kwa holo kunayamba kufuka utsi. Anyamata ena anali atalumikiza mawaya molakwika. Mayi Yesaninso anathamangira komweko, n'kusiya ana awiriwa okha.

Wailesi anatsegula pakamwa, ndipo apa ndiye anathandizadi. Anafotokoza za mchere, za muzu waludzu, za katalesi, mpaka agogo ena amene anali kutsogolo anati tsopano amva. Mafunso anayeza mizu pasikelo kuti ifanane kulemera, n'kuyamba kusinja m'kamtondo kagalasi. Yam'chitini inali yolimba, inkalira pansi pa kamunsi. Yam'paketi inangophwanyika yokha, yofewa, ndipo inatulutsa kafungo ngati ka masamba ophika. Iye anakwinya pamphumi, koma maso onse anali pa iye, choncho anapitiriza.

Anaika mizuyo m'machubu awiri n'kuthira pelokisaidi wofanana. M'chubu cha mbewu yam'chitini thovu linakwera pang'onopang'ono mpaka kutalika ngati chala. M'chubu cha yam'paketi munali zii. Ngakhale kathovu kamodzi komwe!

Anthu anaomba m'manja. Bambo anavula chipewa n'kuyamba kuuza aliyense amene anali pafupi kuti mbewu imeneyo ndi yawo, anaisankha ndi manja awo, ndipo mtsikanayo ndi wawonso. Anati mawa lomweli afesa yam'chitini nazale yonse, lole ikabwera ibwerere yokha. Mafunso anali asanawaone akuseka chotero chiyambire mavuto a chitsime. Aphunzitsi aakulu ananong'onezana ndi alendo aja, kenako analengeza kuti zotsatira zoonekeratu ngati zimenezi n'zimene sukulu imafuna, ndipo gulu ili ndi limene lipite kumpikisano.

Mayi anadutsa pakati pa anthu n'kumukumbatira mwana wawo. Kenako anamunong'oneza, monyada zedi: "Waona mmene inayerera mizu ya m'kapu yoyera ija? Ndinaithira madzi owira a m'ketulo ngati zipeso, kenako n'kuiziziritsa. Sindinafune kuti uchite manyazi ndi dothi pamaso pa anthu."

Mafunso anayang'ana chubu chopanda thovu chija n'kukumbukira mawu a Mayi Yesaninso, akuti enzaimu ikaphikidwa yafa.

5. Dzanja m'mwamba

Wailesi anali atamva, pajatu makutu akenso sankagona. Anamukoka malaya n'kumuuza chapansipansi kuti akhale chete. Anati apambana kale, palibe amene akudziwa, ndipo akhoza kudzayesanso mwakachetechete sabata yamawa. Anamukumbutsanso kuti akalankhula, amene anthu amuseke ndi mayi ake.

Mafunso anamuyankha kuti bambo ake sakufesa sabata yamawa. Akufesa mawa.

Anawayang'ana bambowo. Anali adakagwira chipewa m'manja, akufotokozera mlendo wina mmene amayanikira mbewu panyuzipepala. Mafunso anakweza dzanja. Palibe anamuona. Ndiye anatenga supuni n'kumenya patebulo mpaka holo inakhala chete.

"Aphunzitsi aakulu, pepani, zotsatirazi sizoona," anatero. "Mizu ya m'chubu ichi inalowa m'madzi owira m'mawa uno. Maenzaimu ake anafa isanafike kuno, n'chifukwa chake palibe thovu. Cholakwa ndi changa, sindinafotokoze katsukidwe kake. Sitikudziwabe kuti mbewu yopirira mchere ndi iti. Bambo, chonde musafese kaye."

Munamveka kung'ung'udza. Wina kumbuyo anaseka. Wailesi anagwira kumutu ngati wamva uthenga wa maliro.

Koma mayi aja sanalole kuti mwana asenze yekha. Anakonza kachikwama kawo paphewa n'kuuza holo yonse kuti wothira madzi owirawo ndi iwo, kuti kusaluni kwawo chilichonse chimasamba m'ketulo, ndipo amene akuseka abwere adzaone ngati anamvapo kuti kasitomala wawo watuluka zipere. Anthu anaseka, koma tsopano ankaseka nawo limodzi.

Mayi Yesaninso anafika manja ali bii ndi mwaye. Anatenga chubu chija, n'kuchinunkhiza, n'kuchibweza. Aphunzitsi aakulu anakanda pakhosi n'kunena kuti popeza palibe zotsatira, kumpikisano kupita gulu losefa madzi. Mayi Yesaninso anavomera kuti n'chilungamo, kenako anatembenukira kwa ana onse.

"Ana inu, lero mwaona babu likuyaka ndi mandimu, mwaonanso mawaya akupsa. Zimenezo mudzaiwala. Ichi chokha musadzaiwale. Mtsikana uyu anali atapambana, palibe amene akanamugwira, ngakhale ine ndinali kozimitsa moto. Wabweza yekha. Tsiku lina ena mwa inu mudzayeza magazi a wodwala, ena madzi akumwa a mzinda wonse, ena mlatho wodutsapo ana asukulu. Munthu amene akudikira yankho lanu sadzatha kuliyesa yekha, adzangokukhulupirirani. Mukadzamupatsa lokoma m'malo mwa loona, mwamupha akumwetulira. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, koma lero ndikagona ngati mphunzitsi."

Mafunso anamva kunyada ndi chisoni nthawi imodzi. Atayang'ana kwa bambo ake, anaona atavala chipewa chawo, nkhope ili gwa. Njira yonse yobwerera kunyumba bambowo sanalankhule kanthu.

6. Patebulo la saluni

Atafika, bambo sanavule ndi jekete lomwe. Anapita kuseri n'kubwera ndi mathileyi onse awiri, mmene munali mutatsala mbande zambiri ndithu. Anauza mayi kuti achotse zipeso patebulo, atulutse pelokisaidi wawo wamadzi uja, ndipo ketulo aiike kutali. Mayi anati amva, asachite kubwereza ngati akulengeza pamsika.

Mizu anaitsuka bambo okha ndi madzi ozizira. Asanasinje, Mafunso anaiyala pathaulo. Yam'paketi inali yaitali, yoyera, ya timizu tambiri. Yam'chitini inali yaifupi, nsonga zake zofiirira. Bambo anaiyang'ana nthawi yaitali.

Anayeza ndi chitsekero cha botolo kuti mizu ifanane, anasinja ndi supuni, n'kuika m'matambula awiri aang'ono kutsogolo kwa kalilole. Wailesi, amene anali atawatsatira akadali wokwiya, ndiye anathira mankhwala. Matambula onse awiri anachita thovu. Koma la mbewu yam'paketi linakwera mofulumira n'kupitirira linzake kutali.

Bambo anati ayesenso. Anayesanso ndi mizu ina, anasinthanitsa matambula, ndipo ulendo womaliza anathira bambo okha. Zinali chimodzimodzi. Mbewu yam'chitini, imene anaisamala zaka zonsezi, inagonja pamaso pawo.

 Mafunso anayamba kupepesa, koma bambo anamuletsa ndi dzanja.

"Usapepese. Ukanakhala chete, mawa ndikanafesa mbewu yangayi ndikuimba nyimbo, n'kudzaiona ikufa bedi ndi bedi. Mbewu yanga ndi yabwino, koma ndinaisankha pa madzi okoma, mchere siiudziwa. Masamba ndinkawaona, mwana wanga, ndinkawaona ndithu. Mtima ndi umene unkakana. Munthu ukakonda chinthu chako, maso amachita khungu, ndiye umafunika wina wokukonda wokuuza zowawa. Anthu okuombera m'manja sasowa, m'holo muja anadzaza. Koma wokugwira dzanja kuti usagwere m'dzenje, pamene iye akutaya chikho chake, ameneyo ndi wosowa. M'njira muja sindinakwiye nawe ayi. Ndimaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndilira pamsewu nditavala jekete."

Mayi anati tsopano akhoza kulira, chifukwa ali m'nyumba ndipo mathaulo alipo ambiri.

Mafunso anawakumbutsa kuti thovu silikulonjeza kuti mbande zonse zidzapulumuka, likungosonyeza mbewu imene ili ndi mwayi woposa inzake. Bambo anati zimenezo azimva, ndipo mwayi woona ndi wokwanira kuugwirira khasu.

Kutacha anayamba kufesa yam'paketi. Bambo ankalemba timizere ndi kamtengo, Mafunso akugwetsa mbewu, mayi akukwirira. Atafika pakati pa bedi lachiwiri, pageti panalira hutala. Inali lole ya bambo aakulu, injini ikulirabe, chitseko cha mbali ya wokwera chili chotsegula kale.

Bambo aakulu anatsika n'kulowa mpaka panazale, makiyi ali m'manja. Anafunsa kuti katundu ali kuti, chifukwa ulendo ndi wautali. Bambo anadzuka n'kupukuta manja pathalauza.

"Achimwene, zikomo, koma sindikwera. Mwana uyu dzulo wakana mphoto pamaso pa sukulu yonse kuti ine ndisafese bodza. Ndingamusiye bwanji ndi bedi lofesa theka?"

Mafunso anaweramitsa mutu kuti asaone misozi yake.

Bambo aakulu anaviika chala mu keni yothiririra, analawa, n'kulavula. Kenako anadutsa mng'ono wawo ngati sakumuona, n'kudzaima pamaso pa mtsikanayo.

"Ndiye ndiwe wandilanda mlonda? Ntchito ija ikapita kwa wina siibwereranso. Mbande izi zikafa, udzandiyankha ndiwe?"

Mafunso anaimirira, mbewu zili m'manja.

"Ndidzakuyankhani ndine, bambo aakulu. Ndipo ndidzakuuzani zoona, kaya zafa kaya zapulumuka."

Bambo aakulu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anapita kukazimitsa lole, n'kubwera atanyamula chikwama chawo. Anauza mayi kuti awakonzere pogona, chifukwa iwo sachoka pakhomo pano mpaka ataona ndi maso awo chimene chituluke m'dothi limeneli.